Usalole Akubwezere Khasu M'manja

Tamanda mwana wanga,

Ndikulemba kalatayi masana ano uli ku Mlangeni kotsanzikana ndi azakhali ako. Usadabwe kuti mayi ako, amene ukugona nawo nyumba imodzi, akukulembera ngati wapita kale. Ndikati ndiyankhule pakamwa umandidula ndi "ndamva amama," maso ali pa foni, chala chikuyenda. Pepala sungalidule mawu. Ungalipinde n'kuliponya m'chikwama, koma ndikudziwa kuti usiku uno ulisuzumira, ndipo m'basi, ukatopa ndi kuyang'ana mapiri, udzalitsegulanso.

Komanso ukudziwa chimene ndinalonjeza. A Kachingwe, mphunzitsi wa gofu amene akukutengera kusukulu yawo ku Joni, atabwera kuno kudzationa anaika lamulo limodzi: ukangofika kumeneko, ine ndisakuuzenso kanthu za kamenyedwe ka mpira, kaya pa foni, kaya m'kalata, kaya m'maloto. Bambo ako, amene sadziwa kuti ndodo ya gofu amaigwira mbali iti, anagwedeza mutu ngati ali pa msonkhano wa mphakati n'kunena kuti, "Zoona aphunzitsi, mapanga awiri avumbwitsa." Ine ndinavomera, pamaso pa mlendo, kapu ya tiyi ili m'manja. Ndinavomera chifukwa ndinaona nkhope yako. Koma lamulolo likuti ukafika, ndipo sunafike. Ndinaphunzitsa fizikisi zaka zambiri, funso ndimaliwerenga mpaka kumapeto. Lero ndikadali mphunzitsi wako, ndiye khala bwino.

Za anyamata, za mowa, za kuzizira kwa kumeneko, azakhali ako akuuza kale, ndipo pakali pano akubwereza. Yanga ndi imodzi. Pakhonde paja a Kachingwe anati ndodo yako imatsika mogona kwambiri, akuti ndi kamenyedwe ka kumudzi, ndipo mwezi woyamba "tiphwasula zonse mami, n'kumanganso." Kuphwasula. Ngati ndiwe nkhokwe yodyedwa ndi chiswe. Kamenyedwe kamene kagonjetsa atsikana a ku Lilongwe ndi ku Blantyre, kamene kanawachititsa iwowo kupatuka pa Nsipe n'kudetsa nsapato zawo zoyera mu fumbi lathu, ndi komweko akufuna kuyamba nako kuphwasula. Munthu akagula ng'ombe chifukwa cha mkaka wake sayamba ndi kuikonza mawere. Ndikuwakayikira, Tamanda, ndipo ndikufuna kuti iwenso uwakayikire, mwaulemu, mpaka atakupatsa chifukwa chosiyira.

Ndiyambe ndi khasu, chifukwa ife a ku Ntcheu timabadwa nalo m'mapewa. Ndinagwira ndodo ya gofu koyamba nditasiya choko n'kupita kukagwira ntchito ya mu ofesi ku Lilongwe. Sikuti ndinkakonda kuyenda padzuwa kutsatira kampira. Ndinangozindikira kuti nkhani zimene tinkati tikukambirana Lolemba, azibambo anali atazimaliza kale Loweruka pa kapinga. Ndinapita ndili ndi digiri, ndili ndi kachipewa katsopano, ndikutha kufotokoza pa bolodi chifukwa chimene mpira umaulukira. Koma thupi silinapite ku yunivesite. Thupi linaphunzira m'munda wa kachewere wa agogo ako. Ukamakweza mizere umatani? Umatukula khasu pamwamba, mapewa ndiwo amayamba, umaliponya kutsogolo kutali ndi iwe, kenako umakokera dothi kumapazi ako. M'munda limenelo ndi luso. Pa gofu ndi matenda. Ndodo ikafika pamwamba, phewa langa lamanja linkathamangira kutsogolo, mutu wa ndodo n'kutulukira kunja kwa mpira, n'kuudula mopingasa kuchokera kunja kulowa mkati. Mpira unkanyamuka ngati ukupita kumanzere, n'kusintha maganizo m'mwamba, n'kukhotera kumanja kukagwera m'mitengo. Tsiku lina unakagwera pa galimoto la bwana wanga, amene kuyambira pamenepo ankati akandiona m'kanjira ka ku ofesi amaphimba mutu ndi failo.

Kenako ndinachita chimene munthu wophunzira amachita akalakwitsa: ndinaganiza kwambiri. Ndinati, poti mpira ukukhotera kumanja, ndiloze kumanzere, zikumane pakati. Pa pepala zimenezi n'zokongola. Koma ukatembenuzira mapewa kumanzere, ndiye kuti watsegulira khasu lija chitseko chachikulu, ndodo imadutsa mpira mopingasa kuposa kale, ndipo mpira umakhota kuposa kale. Ine n'kuwonjezeranso kuloza kumanzere. Ndinafika poima ngati ndakwiyira mbendera ya pa dzenje lolowetsamo mpira, pafupifupi kuifulatira. Mayi wina amene tinkasewera naye, namwino wopuma ntchito wa pakamwa pakuthwa kuposa panga, anandifunsa kuti, "Achemwali, mukupita ku dzenje lomweli kapena mukubwerera kwanu?" Phunziro lake ndi ili, mwana wanga: kumene mpira wagwera ndi mapeto a nkhani. Chiyambi chake ndi njira imene mutu wa ndodo wadzera pobwera pansi. Wina aliyense amene akukukonza mapeto asanaone chiyambi akukupatsa mankhwala a chifuwa pamene minga ili kuphazi.

Chimene chinandipulumutsa si buku. Ndi kutopa. Tsiku lina, m'malo motsatira mpira ndi maso kuti ndione tchire limene wasankha, ndinangoweramitsa mutu chifukwa cha manyazi, n'kuona bala limene ndodo inasiya pa kapinga. Linali lakuya, lolozera kumanzere kwenikweni, ndendende pamene khasu ladutsa. Ndinayang'ana mabala ena m'mbuyo mwanga, onse chimodzimodzi, ngati wina wayamba kulima dimba. Mphunzitsi akhoza kukunyengerera, mnzako akhoza kukuchitira nsanje, koma dothi lilibe nawe chibale. Yang'ana pansi, Tamanda. Bala lako limayambira patsogolo pa pamene panali mpira, n'losaya, ndipo limaloza kumene ukupita. Likapatukira pang'ono kumanzere usachite mantha, ndodo imakhala yayamba ulendo wobwerera mkati. Koma likayamba kuzama n'kumapingasa, wina wakupatsa khasu.

Ukukumbukira mmene ndinkakufotokozera ndi lichero, iwe n'kumaseka kuti amama atenga za kumtondo kupita nazo ku gofu. Seka, koma usaiwale. Lichero ukalipendeketsa, m'mphepete mwake ndimo njira ya mutu wa ndodo: kukwera kumbuyo kwako, kutsika, kudutsa pa mpira, kukweranso kutsogolo. Khasu ndi lichero loimikidwa chilili. Gofu imafuna lopendekeka. Ndipo potsika sayamba ndi manja. Phazi lamanzere limalandira thupi, chiuno chimayamba kutembenuka, mikono imangogwa yokha, chigongono chamanja n'kubwera pafupi ndi nthiti, ndipo mutu wa ndodo umafika pa mpira kuchokera mkati, mbali ya thupi lako. Ine zimenezi ndinazipeza ndi thukuta, ndikutchetcha udzu ndi chikwakwa kuseri kwa nyumba kuti mikono iphunzire kuyenda mozungulira, anthu oyandikana nafe akuganiza kuti andichotsa ntchito. Iwe unazipeza ulele. Unayamba kumenya zitsononkho pa bwalo la mpira ndi ndodo yanga yakale imene ndinaidula, ndipo kuyambira tsiku loyamba inkabwera kuchokera mkati. Khasu silinakulowe chifukwa kumunda unkadwala mutu nthawi zonse. Mwa maulesi ako onse, umenewo wokha ndi umene ndimathokozera Mulungu.

Tsopano za aphungu. Mkazi akaima ndi ndodo pa bwalo loyeserera, azibambo amatuluka ngati ngumbi mvula yoyamba. Amene dzulo lake anataya mipira yonse m'damu amakhala ndi malangizo. Wina anandiuza kuti ndiimitse mutu ngati wa chiboliboli. Wina anati ndikweze manja mpaka kukhutu. Wina anati nditsekere thaulo m'khwapa. Ine, poleredwa mwaulemu wa kwathu kuno, aliyense ndinkamuyankha kuti "zikomo bambo," n'kuchitadi. Pofika kumapeto kwa chilimwe chimenecho ndinali ndi aphunzitsi odzaza minibasi, ndipo mpira sunkadzukanso pansi. Panali mmodzi, mkulu wolemekezeka wa mimba yake, amene anati vuto langa ndi chiuno, n'kuima kumbuyo kwanga kuti andisonyeze ndi manja ake mmene chimatembenukira. Ndinamulekerera kanthawi, ndikuganiza kuti mwina ndi mmene amaphunzitsira masewera a azungu. Kenako ndinabweza ndodo kumbuyo mwamphamvu monga anandiphunzitsira mnzake uja, ndipo phunziro linathera pomwepo. Imva bwino: njira ya ndodo amailoza ndi ndodo ina, kapena ndi kamtengo koika pansi, kapena ndi mawu. Sifuna manja a munthu m'chiuno mwako. Sindikunena kuti a Kachingwe ndi otero, sindinaone chilichonse chotero. Ndikungonena kuti lamuloli lilibe dzina la munthu, ndi la onse.

Chimene ndinaona ndi maso anga ndi foni. Unali pomwepo. Anakuuza kuti umenye mpira kuseri kwa nyumba, iwo n'kujambula, kenako anajambula mzere wofiira pa chithunzi ndi chala n'kutionetsa kuti, "Mwaona mami, ndodo ili pansi pa mzere." Bambo ako anasuzumira n'kunena kuti, "Iii, ilidi pansi," ngati awaonetsa chithunzi cha kuchipatala. Koma iwe unaona pamene anaima? Anaima chapambali, foni ili pamwamba pafupi ndi chipumi chawo, ndipo iwo ndi aatali ngati mlongoti. Mwana aliyense amene anakhalapo m'kalasi mwanga akudziwa kuti ukayang'ana muyezo uli chapambali umawerenga bodza. Kweza foni, lichero lioneka mwina. Itsitse, lioneka mwina. Sunthira kumanja, ndodo yomweyo yalowa mkati, sunthira kumanzere, yatuluka kunja. Ndi foni ndi chala, ine ndikhoza kupeza matenda mwa katswiri aliyense wa padziko lapansi pano. Akafuna kukujambula, upemphe kuti foni ikhale pa chinthu chosasuntha, kumbuyo kwako, molingana ndi manja ako, kuyang'ana kumene mpira ukupita, ndipo tsiku lililonse pakhale pomwepo. Akakwiya ndi pempho laling'ono ngati limenelo, waphunzirapo kanthu.

Ndinawafunsa zimenezi, mwaulemu wanga wonse. Ndinati, "Aphunzitsi, mzerewo mwauyambira pati?" Anaseka n'kunena kuti, "Aa mami, izi ndi za makono, si za nthawi yanu." Nthawi yanga! Ngati kuwala kunasintha kayendedwe ine nditapuma ntchito. Kenako, pofuna kutionetsa mmene ndodo iyenera kutsikira, anatenga ndodo yanga pakhonde, n'kuvula jekete, n'kumenya. Iwe unkayang'ana m'mwamba kufuna mpira. Ine ndinayang'ana pansi. Anakumba dzenje loti ukhoza kubzalamo kachewere, lolozera kumanzere ku khola la nkhumba, pamene iwo ankaloza ku mtengo wa pichesi. Mpira unakhotera kumanja n'kukagwera m'chimanga cha oyandikana nafe. Iwo anati ndodo yanga ndi yakale. Bambo ako, ndi mtima wawo woyera, pofuna kusangalatsa mlendo anati, "Koma aphunzitsi muli ndi dzanja, mukanabwera nthawi ya mizere." Ndinalowa m'nyumba kukatenga shuga amene anali kale pa tebulo.

Ndisakhale wopanda chilungamo. Pali aphunzitsi abwino amene okha satha kusewera, monga pali azamba amene sanabereke. N'kuthekanso kuti munthu wochokera pa ulendo wautali, m'nsapato zoterera, pa kapinga wathu wa mabampu, amenya moipa kamodzi. Ndipo a Kachingwe ndi mwana wa konkuno, kwawo n'kuseri kwa Nzama, khasu lili m'mapewa mwawo monga linalili mwa ine, si mlandu umenewo. Mlandu ndi wakuti munthu amakonda kuphunzitsa chimene thupi lake limamva kuti n'cholondola. Amene ndodo yake imatsika chilili, akaona ya mnzake ikubwera kuchokera mkati amati yagona. Mlendo amabwera ndi kalumo kakuthwa, inde, akulu anatero. Sanatiuze kuti tizingomupatsa mutu tisanaone mmene wadzimetera yekha.

Usandiuze kuti ndikukayikira munthu wotithandiza. M'banja muno kukayikira anthu obwera pa galimoto kudzatenga ana ndi chuma cha makolo. Agogo ako aamuna, bambo anga, anapita ku migodi ya ku Joni komweko ali mnyamata. Ankatiuza kuti amene anadzawatenga anawagwira minofu ya m'mikono n'kuwayamikira kwambiri, koma atafika kumeneko chinthu choyamba anawauza kuti zonse zimene amadziwa n'za kumudzi, ayambirenso. Anabwerako ndi jasi lalitali, wailesi, ndi chifuwa chimene sichinawasiye. Sindikuti gofu ndi mgodi. Ukupita kosewera pa kapinga wothiriridwa, ndipo ndikunyadira mpaka anzanga a kutchalitchi atopa nane. Ndikungoti munthu akafuna kuti umudalire pa chilichonse, amayamba ndi kukuuza kuti chimene wabwera nacho n'chachabe. Ukavomera zimenezo, sungamenyenso mpira osayamba wacheukira kwa iye. Ndipo tsiku la mpikisano iye sadzakhala pambali pako. Udzakhala iwe, mpira, ndi lichero lako.

Ndikudziwa mmene kuphwasula kumathera, chifukwa woyamba kukuphwasula ndinali ine, ndipo ukukumbukira. Uli ku sekondale ndinawerenga zambiri, n'kuganiza kuti ndodo yako ikudzera mkati mopitirira. Ndinazika nsungwi pa bwalo la mpira kumbuyo kwako kuti uziizemba potsika. Unaizembadi, poti unali mwana womvera. Patapita milungu ingapo tinapita ku mpikisano ku Blantyre, ndipo unaima pa mpira nthawi yaitali ngati ukupemphera, n'kumenya dothi, n'kumenya mutu wa mpira, n'kumenyanso dothi, atsikana amene unkawagonjetsa akuyang'ana kumbali chifukwa cha chisoni. M'minibasi pobwerera sunalire. Unangonena kuti, "Amama, kale ndinkaona mbendera. Pano ndikungoona chigongono." Nsungwi ija ndinaisonkhera moto, koma kuti mbendera ibwerere m'maso mwako zinatenga dzinja lonse. Nthawi imeneyo unali kwanu, palibe amene akanakuthamangitsa. Kumene ukupitako malo ako ndi a mwana amene akupambana. Akakuphwasula n'kulephera kukumanganso, sadzanena kuti mphunzitsi walakwitsa. Adzati mtsikana wa ku Malawi uja analibe kanthu, n'kukukweza basi, iwo n'kupatukanso pa msewu wina kukafuna mwana wina.

Tsopano ndinene chimene sufuna kumva, kuti usaganize kuti mayi ako amakuona ngati mngelo. Vuto uli nalo, koma si limene anajambula ndi chala. Ukapanikizika, makamaka pa maenje omaliza a mpikisano anthu atachuluka, chiuno chako chimathamanga ngati chamva kuti basi ikunyamuka, mikono n'kutsalira, ndodo n'kutsekeredwa kumbuyo kwako. Ikatero imafika mochedwa, kuchokera mkati mopitirira muyezo, ndipo mpira umathawira kumanja osakhota, kapena manja amaupulumutsa mwadzidzidzi n'kuukhotetsera kumanzere ngati mbedza. Unachita zimenezi pa mpikisano umene a Kachingwe anakuonera koyamba. Ndinadikira kuti azitchule pakhonde paja. Sanazitchule. Mankhwala ake si kukuimikira lichero chilili, ndi kuphunzitsa chifuwa ndi mikono kufika pamodzi. Tsiku limene adzakuuze okha, iwe usanawauze, kuti chiuno chako chimasiya mikono m'mbuyo ukachita mantha, udziwe kuti ali ndi maso, ndipo uwamvere. Usawauze ndiwe. Amenewo ndi mayeso awo, ndipo mayeso saonetsa mayankho.

Ndiye uzichita chonchi. Akati sintha ichi, usakane, usakwinye nkhope ngati mmene umachitira ndi ine. Unene kuti, "Chabwino aphunzitsi, koma mpira wanga ukulakwa chiyani?" Funso n'lomwelo basi. Akayankha za mpira, kuti ukunyamukira uku, ukukhotera uku, ukukwera kwambiri, mphepo ikuutenga, ameneyo ndi mphunzitsi, gwira naye ntchito. Akayankha za maonekedwe, kuti sizikongola, kuti akatswiri satero, n'kukuonetsa kanema wa mzimayi wina wa kunja, ufunse kuti mzimayiyo ndi wamtali bwanji. Iwe ndiwe wamfupi wa mikono yaitali ngati azakhali ako, lichero la munthu wotero limagona, ndipo palibe mzere wofiira umene ungakutalikitse. Mphoto sapereka kwa amene waoneka bwino pa chithunzi. Ndipo ukavomera kusintha, sintha chinthu chimodzi, uchipatse nthawi, uone mpira, uone bala. Yang'ana pansi, Tamanda. Zinthu zitatu zikasinthidwa tsiku limodzi, sudzadziwa chimene chakuchiza kapena chimene chakupha, ndipo iwonso sadzadziwa, ngakhale adzayankhula ngati akudziwa.

Usadalire atsikana anzako pa nkhaniyi. Adzakhala abwino, mudzabwerekana mafuta odzola, mudzaseka limodzi, koma malo ndi ochepa. Amene adzakuuze kuti "mvera aphunzitsi pa zonse" mwina akukufunira zabwino, mwina watopa ndi kukhala wachiwiri. Usadalirenso masiku oyamba. Chinthu chatsopano chilichonse chimagwira ntchito Lachiwiri pa bwalo loyeserera, popanda woonera. Funso ndi lakuti chidzagwira Loweruka, manja akutuluka thukuta? Ndipo ukaona kuti wayamba kuloza kumanzere pang'ono kuti mpira ugwere pakati, ima pomwepo. Mayi ako anayenda njira imeneyo mpaka kumapeto, kulibe kanthu kumeneko koma mitengo.

Bambo ako angolowa kudzafuna magalasi awo, amene ali pamphumi pawo, ndipo aona masambawa. Akuti, "Mayi a Tamanda, mwanayu akupita kusukulu kapena kunkhondo?" Ndawauza kuti apite akaone nkhumba. Akuti ndikuuze kuti uzipemphera ndipo usaiwale juzi. Ndakuuza. Akutinso ndikuchita nsanje chifukwa mwana wapeza mphunzitsi wina. Iwe usaseke. Nsanje ikhoza kukhalapo, ndine munthu. Koma nsanje yanga sinakumbe dzenje lija kuseri kwa nyumba. Pita ukalione, likadalipo, ndawaletsa kulikwirira.

N'kutheka kuti ndikulakwa. Ndalakwapo pa nkhani ya ndodo kangapo monga waonera, ndipo nthawi zonse ndinali wotsimikiza ngati lero. Ukadzabwera ndi kamenyedwe kena, koti ine sindikukazindikira, koma mpira ukuwongoka ndipo iwe ukuona mbendera, ndidzawaphera nkhuku a Kachingwe, ndidzawathirira madzi osamba m'manja ndekha, ndipo adzanditchule mami mmene angafunire. Sindikufuna kuti ukhale monga ndinakupangira. Sindinakupange n'komwe, ndinangodula ndodo. Ndikufuna kuti chilichonse chimene chisinthe mwa iwe chisinthe iwe ukudziwa chifukwa chake.

Lonjezo lija ndidzalisunga. Ndinalipereka pamaso pa bambo ako, ndipo akhala akudikira zaka zonsezi kuti andigwire ndikuswa mawu anga, sindiwapatsa mpata. Choncho umvetse chimene zikutanthauza. Ukadzandiimbira mawu ako atalemera, n'kunena kuti amama mpira ukukhota ndipo sindikudziwa chifukwa chake, ine ndidzakufunsa ngati wadya. Ukadzanditumizira kanema, ndidzayamikira malaya. Usadzaganize kuti sindinaone. Ndidzakhala nditaona zonse, phewa, chigongono, mpaka bala la pansi, ndipo ndidzaluma lilime mpaka magazi. Kukayikira kumene ndakhala ndikukuchitira zaka zonsezi, kuyambira mawa uzidzichitira wekha. N'chifukwa chake ndakulembera zambiri chonchi. Si malangizo awa, ndikukusiyira ntchito.

Mawa, tisanapite ku Nsipe kukadikira basi, udzuke msanga. Tidutsire pa bwalo la mpira ana asanabwere ndi mbuzi zawo. Utenge ndodo imodzi, umenye mipira ingapo kulowera ku golo la kumtunda. Ine ndiima kumbuyo kwako, manja ndipinda, ndipo kaya uwongoke kaya ukhote, sindinena kanthu. Nanenso ndiyenera kuyeserera, ndipo ndikufuna ndiyambe iwe ukadali pafupi.

Ndine mayi ako,
Nambewe